Kusaka nguluwe ndi ma coyote usiku ku Texas, ku America, zimaloledwa?

Mlendo265: Abale ndangofika ku Texas, bwana wa pafamu akuti Loweruka tikasake nguluwe usiku zamukumbira chimanga chonse. Sandimanga ine koma? Laisensi ndilibe.

Achimwene_Dallas: Musaope achimwene, kuyambira 2019 nguluwe pamalo a munthu mumasaka opanda laisensi bola mwini malo wavomera. Ma coyote ndi nkhani ina, amenewo pezani laisensi kaye.

Nachisale: Coyote ndiye chani?

Achimwene_Dallas: Ili ngati nkhandwe koma yokulirapo, imagwira nkhuku ndi tiana tambuzi. Amaiitana ndi kasipika kolira ngati kalulu wovulala, imabwera yokha.

Mlenje: Nguluwe siona bwino koma mphuno eee, mphepo izikuombani kumaso osati kumsana. Ine ulendo woyamba ndinadzola pefyumu, tinangomva phuu zathawa zonse tisanayatse n'komwe thermal, kachipangizo koonera nyama mumdima potsata kutentha kwa thupi lake.