Za makanema a eni nthaka aja, nazi zomwe ndapeza

Anzanga, paja ndinafunsa komwe ndingapeze makanema a pa intaneti ophunzitsira za eni nthaka, mitundu yomwe atsamunda anaipeza m'maiko monga Canada ndi Australia. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha.

Komwe ndakhutira nako kwambiri ndi ku National Film Board, bungwe la boma la Canada lopanga makanema. Mu 2018 anatsegula gawo la makanema a eni nthaka lotchedwa Indigenous Cinema, ndipo makanema ambiri ndi aulere. Chondikhudza mtima n'chakuti owapanga ndi eni nkhaniwo, osati alendo ongobwera ndi kamera n'kumapita. Mwachitsanzo, mayi Alanis Obomsawin, a mtundu wa Abenaki, anajambula mkangano wa malo wa mu 1990 wa ku Oka, tawuni ya ku Canada, ali pakati pa anthu a mtundu wa Mohawk omwe asilikali anawazinga. Ophunzira akamva anthuwo akudzilankhulira okha, amafunsa mafunso omwe buku silingawadzutse.

Webusaiti ya IsumaTV, yomwe a Inuit, eni nthaka a kumpoto kwa Canada, anaiyambitsa mu 2008, ili ndi makanema m'zilankhulo zambiri, kungoti ena alibe mawu omasulira pansi, choncho yambani mwaonera nokha. Webusaiti ina ya makanema yotchedwa Kanopy imafuna kuti laibulale yanu ikhale yolembetsa. NITV, wailesi ya kanema ya eni nthaka a ku Australia, imapezeka pa webusaiti ya SBS On Demand, koma kunja kwa Australia siitseguka.

Musaiwalenso za chilolezo. Kanema akakhala waulere kuonera wekha, sindiye kuti ungamuonetse kalasi yonse. Werengani kaye malamulo ake.

Pano ndikufunafunabe makanema a anthu a mtundu wa Sámi, eni nthaka a kumpoto kwa Ulaya. Amene mukudziwa komwe ali, chonde ndiuzeni.