Gulu la Chitukuko cha kwathu ku Bangula: za siteshoni yakale ya sitima

Mlembi: Abale, pa ndalama ya chaka chino pali maganizo awiri: kukonza nyumba ya siteshoni kuti ikhale malo osungirako mbiri, kapena kungoimika chikwangwani chofotokoza mbiriyo. Tiyankhulepo tisanavote Loweruka.

aChisale: Ine ndili ku chikwangwani, koma zaka zilembedwe molondola. Njanji ya Shire Highlands Railway yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo ndi Luchenza, inafika ku Blantyre mu 1908. Kummwera, njanji ya Central Africa Railway inafika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, mu 1915. Koma sitima yochoka kuno sinkafika ku Beira mpaka 1935, mlatho wa Dona Ana utatha. Usanamangidwe, anthu ndi katundu ankatsika n'kuwoloka Zambezi pa sitima ya pamadzi.

Mayi Nabanda: Zoona achimwene, koma musalembe kuti inatha ndi nkhondo ya ku Mozambique yokha. Nkhondo inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, pomwe sitima ya anthu yochokera ku Limbe inkabwerabe. Chimene chinatidula ndi madzi a 1997, omwe anakokolola chimtumbira cha njanji pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo. Kuyambira apo sitima inkathera ku Makhanga, kutsidya, anthu n'kumawoloka pa bwato ndi njinga zawo zomwe. Ana a lero akuyesa kuti Shire anakhala akudutsa pamenepo chikhalire.

aMbewe: Chikwangwani chokha n'chamanyazi. Nyumba ikagwa, chidzaloza chiyani?

Msungichuma: Bambo Mbewe, nyumbayo si yathu. Malo ndi katundu wa njanji n'za boma, ndipo ntchito yomanganso njanji ya Marka, kumalire ndi Mozambique, mpaka Bangula ndi ya bomanso. Tikakhoma malata lero, mawa akhoza kufuna malowo, ndalama yathu n'kulowa m'madzi. Poyamba kalata ku Unduna wa Zamtengatenga, ina ku khonsolo ya Nsanje, ina ku nthambi yoona zinthu zamakedzana. Yankho likhale lolembedwa, osati la pafoni.

aMbewe: Chabwino, koma akativomera tisayambe ndi penti ngati mmene magulu ambiri amachitira. Mmisiri ayambe wakwera kudenga. Phaso lililonse alibaye ndi msomali. Likabooka mosavuta ndiye kuti chiswe chadya mkati ngakhale kunja likuoneka bwino. Malata akhale okhuthala, a geji 28, opyapyala aja mphepo ya kuchigwa kuno imawang'amba pamisomali. Khoma la njerwa zakale musalimate ndi simenti yolimba. Simenti imatsekera chinyezi mkati, mchere wa m'dothi n'kukwera, njerwa n'kuyamba kufumbutuka kuseri kwa pulasitala. Pamafunika laimu, muyezo umodzi pa miyezo itatu ya mchenga, ndipo aziwaza madzi masiku angapo kuti isaume msanga ndi dzuwa lathuli. Ngalande yozungulira nyumba ikumbidwe mvula isanayambe.

Mayi Nabanda: Ngakhale chikwangwanicho, chikakhala chachitsulo ogula zitsulo zakale achizula usiku umodzi. Chikhale cha konkire, zilembo zozokotedwa, pamalo okwera.

Mlembi: Kalata zitatuzo ndilemba mawa. aChisale, tumizani mawu a pachikwangwani, asapitirire mizere khumi, m'Chichewa ndi m'Chisena.