Madamu ati penti akubwera "just now", ndidikire kapena ndinyamuke?

Wa ku Zomba: Akuluakulu ndithandizeni. Ndikupenta nyumba kuno ku Randburg, ku Joni, ndipo penti wandithera pakati pa khoma. Madamu anatuluka 9 koloko, ati akubweretsa wina "just now". Dzuwa lafika paliwombo, kuli zii. 2 koloko ndili ndi ganyu ina ku Fourways. Ndidikirebe?

Bambo a Chisomo: Achimwene, tsukani bulashi. Kuno ku Joni "just now" si pompano ayi. Akhoza kubwera madzulo, akhoza kubwera mawa, ndipo iye sakuona ngati wakunamizani. Yofulumirako ndi "now now", koma nayonso ola limatha uli chiimire pageti. Munthu akatsimikiza amati "right now".

Wa ku Zomba: Koma kusukulu anatiphunzitsa kuti "just now" ndi chinthu chimene changochitika kumene.

Mkulu wa ku Mayfair: Aphunzitsi sananame, mwana wanga. Ngakhale kuno akati "he was here just now" ndiye kuti munthuyo wangochoka kumene. Pamene pamavuta ndi akamalonjeza za m'tsogolo. Zinachokera ku chinenero cha Afrikaans, kumene amati netnou ndi nou-nou, Chingerezi cha kuno chinangotengera. Ndiye musalimbane nawo mawuwo. Alembereni pa WhatsApp kuti atchule ola, muwauzenso kuti inu 1 koloko mukunyamuka. Amene amadziwa kuti muli ndi kwina kopita amathamanga.

Bambo a Chisomo: Ine chikundidetsa nkhawa ndi khomalo. Penti akauma pakati pa khoma, mzere umaoneka polumikiza, makamaka ngati ndi wonyezimira uja. Mudzayenera kubwereza khoma lonse kuchokera pakona, ndiye awuzeni lero lomwe asadzati mwawononga penti. Muwajambulirenso chitini poonekera dzina ndi nambala ya mtundu, asakagule woyera wina. Zoyera zilipo mitundumitundu. Rola ikulungeni mu pulasitiki isaume.

Mkulu wa ku Mayfair: Ndipo mawu omwewo akadzatuluka pa nkhani ya malipiro, musachoke opanda tsiku. Theka lizilowa ntchito isanayambe.

Wa ku Zomba: Ayankha. Akuti ali ku Sandton, afika cha m'ma 4. Tagwirizana kuti ndibwere mawa 7 koloko, za kubwereza khoma avomera. Ndikutseka zitini ndithamangire taxi.