Khesi ya .308 yakanirira mu die, mkombero wazuka

Wa ku Chilomoni:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pokonzanso zipolopolo za mfuti, khesi (chigoba cha mkuwa cha chipolopolo) ya .308 Winchester yakanirira mu full-length sizing die (chida chachitsulo chofinya khesi yonse kuti ibwerere pa saizi yake) ya kampani ya RCBS, yatsopano. Pobweza chogwirira cha pulesi, shell holder (kachitsulo kogwira khesi pa pulesi) yazula mkombero wapansi, khesi n'kutsalira m'kati. Ndiitulutse bwanji osawononga die? Nanga chachititsa n'chiyani?

Mmisiri wa ku Ginnery Corner:
Achimwene, pulayala ndi sukuludiraiva ziikeni patali. Mukangokanda m'kati mwa die, khesi iliyonse izituluka ndi mzere mpaka kalekale.

Njira yake ndi kuboola, kudula mazinga, kenako kukoka ndi bawuti. Kachida ka RCBS kochotsera khesi kamabwera ndi dirilo nambala 7 ndi tapu ya 1/4-20, koma musavutike kuitanitsa kunja. Dirilo ya 5 mm, tapu ya M6, bawuti ya M6 yolimba yotalika 40 mm, mawashala atatu ndi soketi imodzi, zonsezi zimapezeka m'mahadiweya a mu Limbe.

Yambani ndi kumasula ndodo yochotsera primer (kapisozi ka pansi pa khesi koyatsa onga), muikweze mpaka expander (kamutu ka pa ndodoyo kokuza khosi) itagunda khosi la khesi, kuti dirilo isakakumane ndi pini ya kunsonga kwa ndodoyo. Onetsetsani kuti primer yatuluka kale kapena ndi yophulika kale. Tembenuzani die, matako a khesi ayang'ane kumwamba, muigwire pa vayisi pa lock ring (mphete yomangira die), mutatchinjiriza ndi timatabwa kapena aluminiyamu. Mazinga a die asakhudze mano a vayisi. Boolani pa dzenje la primer, molunjika, pang'onopang'ono. Mkuwa ndi wofewa ndipo dirilo imalowa mwadzidzidzi ikapyola. Dulani mazinga ndi kadontho ka oyilo, theka la kuzungulira kupita kutsogolo, pang'ono kubwerera, kuti nyenyeswa zithyoke.

Tsopano vundikirani soketi pa khesipo. Ikhale yotakata kuti khesi ilowemo momasuka, koma itsamire pa mlomo wa die. Washala pamwamba, bawuti ipyole ilowe m'mazinga mwadulawo, muzimanga ndi sipanala. Imayamba yalimba, kenako mumamva yati thu! Basi yamasuka. Mazinga akapululuka, boolaninso ndi 6.8 mm mudule a M8.

Wa ku Namiwawa:
Amisiri anena zoona zokhazokha. Ine ndiyankhe funso lachiwiri lija, chifukwa mukapanda kudziwa gwero, mawa lomwe ikanirira ina.

Nthawi zambiri vuto ndi mafuta. Die yatsopano imabwera ndi oyilo woteteza dzimbiri, amene si wotereretsa khesi. Iyenera kuphwasulidwa, kutsukidwa ndi spiriti, kuumitsidwa, ndipo khesi zoyambirira zipakidwe bwino chifukwa chitsulo chikadali chouma. Mafuta ofunika kwambiri ndi a cha kumunsi, pamwamba pang'ono pa mkombero, pomwe mkuwa ndi wochindikala ndipo die imafinya mwamphamvu. Paphewa musapake, mafuta akaunjikana pamenepo, phewa limatuluka lophwanyika timaenje. M'kati mwa khosi ikani ufa wa graphite wouma kuti expander isamakoke khosi potuluka.

Imperial Sizing Die Wax ndi wodalirika: kugunda ndi nsonga ya chala, kupaka mopyapyala. Ngati mukugwiritsa ntchito wopopera monga Hornady One Shot, kapena wosakaniza nokha, gawo limodzi la lanolin (mafuta a mu ubweya wa nkhosa) pa magawo 10 mpaka 12 a spiriti wa isopropyl wa 99%, khutchumulani botolo ndipo dikirani spiriti auluke kaye. Ambiri amakodwa pomwepa: kupopera n'kulowetsa nthawi yomweyo khesi ikadali yonyowa. WD-40 ndi oyilo wa injini ayi ndithu.

Dzanja nalo limauza. Chogwirira chikalimba mosiyana ndi khesi zinzake musanafike theka, imani, bwezani, pakaninso. Musakakamize.

Onaninso shell holder. Ya .308 ndi nambala 3 ya RCBS kapena nambala 2 ya kampani ya Lee. Yolakwika kapena yotha imagwira mkombero kumbali kokha, n'chifukwa chake imauzula.

Wa ku Chigumula:
Ndionjezere pang'ono. Khesi ikatuluka, expander imakhala idakali m'kati mwake. Dulani khesiyo ndi sowo ya zitsulo cha pakati, mosamala, muitulutsire kumunsi.

Amene ali ndi die ya Lee safunika kuboola. Amamasula collet yapamwamba (nati yogwira ndodo yochotsera primer), n'kumenya ndodo ija ndi panchi ndi hamala, khesi imagwa yokha, chifukwa ndodo yake ndi yolimba. Pa RCBS musayese, ndodo yake ndi yopyapyala ya mazinga, ipindika.

Kuika die mu firiza usiku wonse mutathira oyilo wolowerera kumathandizako, poti mkuwa umanyala kuposa chitsulo kukazizira, koma pakokha sikutulutsa khesi.

Fumbi la mu Okutobala ndi chinyezi cha chiperoni n'zoopsa kwa die: tsukani makhesi musanapake mafuta, die muzisunga m'kabokosi kake mutaipukuta. Ndipo bambo, nkhani ya zipolopolo kuno ili pansi pa lamulo la mfuti, choncho musanapitirize ntchitoyi funsani kupolisi ngati chilolezo chanu chikukulolani kutero.