Pronation ya mkono ndi pronation ya phazi: kodi n'chinthu chimodzi?

Wophunzira unamwino, Area 18:
Ndikukonzekera mayeso a anatomy, ndipo pali mfundo imene ikundizunguza mutu. Mabuku amatchula pronation ndi supination pofotokoza mkono, kenako mawu omwewo amawatchulanso pa phazi, chonsecho phazi silingagadabuzike ngati chikhatho. Kodi kayendedweka n'kamodzi?

Wothandiza odwala mafizo, Kawale:
Achemwali, dzina ndi limodzi koma zochitika n'zosiyana. Kutembenuka kwa chikhatho kumachokera ku mafupa awiri amene ali pakati pa chigongono ndi dzanja, radius ndi ulna. Pindani chigongono n'kuchigunditsa m'nthiti. Chikhatho chikayang'ana kumwamba, monga polandira chenje kwa kondakitala, imeneyo ndi supination, ndipo mafupawo amakhala atandondozana. Chikayang'ana pansi, radius amakhala atapingasa pamwamba pa ulna, ndiyo pronation. Minofu ya biceps ndi supinator ndiyo imagadamitsa chikhatho, pomwe pronator teres ndi pronator quadratus imachivundikira. Poyeza wodwala, chigongono chikhale chopinda madigiri 90, chifukwa chikawongoka phewa limathandizira mwakabisira ndipo muyeso umanama.

Mphunzitsi wopuma, Area 47:
Pa phazi, mwanawe, pronation ndi mayendedwe atatu ochitikira pamodzi, omwe ndi dorsiflexion, eversion ndi abduction, ndipo supination imaphatikiza plantarflexion, inversion ndi adduction. Kukweza phazi cha ku msongolo ndi dorsiflexion, kuliloza pansi monga munthu akamayenda monyang'ama ndi plantarflexion, ndipo ziwirizi zimachitikira pa kakolo. Kupendeketsa phazi kuti kunsi kwake kuyang'ane mkati ndi inversion, kunja ndi eversion, ndipo zimenezi zimachitikira makamaka m'munsi pang'ono, pamene fupa la pa kakolo lotchedwa talus lakhala pa fupa la chidendene. Kulozetsa kutsogolo kwa phazi kunja ndi abduction, mkati ndi adduction. Ine ndimakonda kuti m'buku la wodwala mulembedwe kayendedwe kalikonse pakokha, pakuti mawu ophatikizawa ngakhale olemba mabuku sawatanthauzira mofanana.

Namwino wa kuwodi ya mafupa:
Kuwodi mudzaona phindu lake. Anthu ambiri obinya kakolo amabinyira mkati, ndiye kuti inversion, ndipo chimene chimavulala kawirikawiri ndi anterior talofibular ligament, kachingwe kolumikiza mafupa kunja kwa kakolo. Wodwala amene ali m'chikhakha cha mwendo muzimupempha kuti akweze chala chachikulu cha kuphazi, chifukwa mtsempha wa common fibular, umene umatumiza uthenga ku minofu yokweza phazi, umazungulira khosi la fibula, fupa la kunja kwa mwendo, m'munsi mwa bondo, ndipo chikhakha chikathina pamenepo dorsiflexion imatha, phazi n'kumangolendewera poyenda.