Eos (ma eosinophil, mtundu wa maselo oyera a magazi) 14% kwa mayi wobanika, makina akungopereka MXD, ndilembe chiyani?

WaLab_Usiku: Akuluakulu thandizeni msanga. Makina athu oyezera magazi ndi a 3-part, amagawa maselo oyera m'magulu atatu basi: LYM (ma lymphocyte), NEUT (ma neutrophil) ndi MXD, momwe ma eos amasakanikirana ndi maselo ena. Abwera mayi wa zaka za m'ma 30, amabanika usiku, pachifuwa pamalira ngati wezulo, GeneXpert ya TB negative kawiri. MXD yakwera, ndiye ndapanga film (magazi opaka pa slide) ndi utoto wa Leishman, pa maselo 100 ndapeza eos 14. WBC (maselo oyera onse) ndi 7.0, kutanthauza 7,000 pa microlitre, ndiye kuti eos ndi 980 pa microlitre. A clinician angoona nambalayo akuti basi, mphumu ya allergy, prednisolone (pred, mankhwala a steroid) lero lomwe. Pa comment ndiike chiyani? Za FeNO (kuyeza nitric oxide mu mpweya wotuluka m'mapapo) musatchule n'komwe, kuno timangoimva.

Mdala_wa_Microscope: Mayiwo amachapa kuti, amasamba kuti? Mkodzo ndi chimbudzi mwayeza? Kwathu kuno eos ikakwera timayamba takayikira likodzo ndi njoka zam'mimba, mphumu imabwera pambuyo.

CO_waChest: Mdala, munthu akubanika, inu mukufunsa kochapira. 980 ndi yokweradi, yadutsa malire a 500. Koma a clinician anu asasokoneze manambala: 150 ya GINA (malangizo a mphumu) ndi yosonyeza kutupa kwa type 2 kwa amene ali kale ndi mphumu yovuta, 300 ya malangizo a GOLD ndi yosankhira inhaler ya steroid pa COPD, matenda ena okhalitsa a m'mapapo. Atenge peak flow (kuyeza mphamvu yotulutsira mpweya), apereke salbutamol, abwereze pakatha mphindi 15. Ikakwera ndi 20% akhala ndi pogwira.

Mdala_wa_Microscope: Sindikukana peak flow. Ndikuti yezani mkodzo. Autenge pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, m'pamene mazira a haematobium, nyongolotsi ya likodzo, amachuluka.

WaLab_Usiku: Akuti amalima mpunga kudambo. Mkodzo palibe wapempha, fomu yangoti FBC, kuwerenga maselo a magazi.

Mdala_wa_Microscope: Mwamva? Kudambo.

Sister_waWard: Ine prednisolone ndimamuopa chifukwa cha zomwe ndinaona ndi maso anga. Pamalo ena pomwe ndinkagwira, bambo wina ankabwerabwera ndi befu, nthawi iliyonse akupatsidwa pred. Tsiku lina anafika akutsegula m'mimba, thupi moto, mpweya ukuchita kukokedwa. A lab anandiitana kuti ndidzasuzumire ndekha: timphutsi ta Strongyloides, njoka ya m'mimba, tikuphiriphitha m'makhololo. Chonsecho eos inali itatsikiratu, aliyense akuti kulibe njoka. Sindidzaiwala. Ndipo albendazole musamudalire pa iyeyu, wake ndi ivermectin.

WaHaema: Ngati mukufuna kubwereza, tengani magazi asanamwe piritsi ngakhale limodzi. Pred amagwetsa eos m'maola ochepa, mawa mudzapeza 1% muzidzakangana kuti munawerenga molakwa. Komanso maselo 100 ndi ochepa achimwene, werengani 200, ndipo osati kumchira kwenikweni kwa film. Buffer wanu, madzi osakanizira Leishman, ndi wa pH 6.8? Madzi apampopi amasintha mtundu, timadontho ta eos sitioneka tofiira bwino, wina n'kuwerengera ma neutrophil momwemo.

WaLab_Usiku: Buffer alipo, koma ma tablet atsala awiri.

CO_waChest: Zonsezi n'zabwino, koma munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri, likodzo ndi mphumu. Inhaler ya beclometasone sidikira chimbudzi. Ndipo akafika polephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, pred aperekedwe, osazengereza.

Mdala_wa_Microscope: Akhoza, inde. Koma dzira likapezeka, 980 ija siikuuzaninso kanthu za mapapo. Mpatseni praziquantel, mudzawerengenso pakapita miyezi. Ndiye chifukwa chake ndikuti mkodzo.

WaHaema: Chimbudzi cha tsiku limodzi chimaphonya Strongyloides kawirikawiri, negative imodzi isakupusitseni. Nanga makhololo otsala a GeneXpert bwanji osapaka pa slide? Ndinaonapo ma Charcot-Leyden crystal, otsalira a ma eos, osongoka mbali zonse ziwiri ngati singano.

Sister_waWard: Makhololo a munthu amene akukayikiridwa TB muzipaka popanda cabinet yotetezera ku tizilombo? Ayi ndithu, tisaphunzitsane zimenezo.

WaHaema: Ndanena ali negative kawiri, Sister.

Mdala_wa_Microscope: Pa comment lembani kuti eos yakwera, ayeze mkodzo ndi chimbudzi. Mawu akuti allergy asachoke m'cholembera chanu.

WaLab_Boma: Pepani kulowerera, ma buffer tablet amenewo mukuwapeza kuti? Ife atithera kalekale, Leishman yense akutuluka wobiriwira.