Nchito ya customer care ku Lusaka, ndipite kapena ndikhale pa buti?

Wa ku Kapata:
Anzanga thandizeni maganizo. Ndili pa buti ya mobile money kuno ku Kapata m'tauni ya Chipata, bwana amandipatsa kangachepe komanso kakomishoni mwezi ukayenda bwino. Tsopano andiitana ku kampani ina ku Lusaka, nchito yoyankha mafoni a makasitomala, akuti K3,500 pa mwezi, kontrakiti ya zaka ziwiri. Kuno ndimagona kwa amai ku Mchini sindilipira renti, nsima ndimadya ya pakhomo. Amene munagwirapo nchito imeneyi, ndalama yake imakwera kapena munthu umangokalamba ndi hedifoni kumutu?

Mlongo wa ku Chelstone:
Mng'ono wanga, funso loyamba ukawafunse, K3,500 imeneyo ndi gross kapena ndi basic? Anthu ambiri amagwera pamenepo. Gross ndiye kuti aphatikiza zonse, ya nyumba, ya transipoti, ya lanchi, ndipo basic yeniyeni mwina ndi 2 pin (K2,000) chabe. Pa malipiro amadula ya penshoni ya NAPSA 5 peresenti, pa 3,500 ndi K175 yapita, inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA nayo itenga 1 peresenti. Msonkho wa PAYE sukukhudza chifukwa kuyambira 2024 amene alandira K5,100 kapena kucheperapo salipira, ndiye pamenepo upumeko.

Chifukwa chomwe ndikuumirira pa basic ndi gratuity. Lamulo la Employment Code la 2019 limati kontrakiti yopitirira miyezi 12 ikatha akupatse osachepera 25 peresenti ya basic yomwe unalandira nthawi yonseyo, ndiye ngati basic ndi K2,000 zaka ziwiri ndi K48,000, iwe utenga K12,000 pomaliza. Basic ikakhala yaing'ono gratuity nayo ndi yaing'ono, mabwana amadziwa zimenezi ndiye amakonda kunenepetsa ma allowance. Usasaine pepala usanaone mizere yonse, ndipo uwafunse za ovataimu poti ma call centre amagwira mashifiti mpaka usiku ndi pa Sande. Sabata ya nchito ndi maola 48, zopitirira apo alipire.

Bambo a Mapasa:
Ine ndingoti khala. Lusaka ndi makilomita opitirira 500 kuchoka kuno, maliro akagwa kumudzi basi yokha yakudyera ndalama ya sabata. Renti, malasha, minibasi m'mawa ndi madzulo, 3 pin ija pofika pa 15 yatha uli kuimbira amai kuti akutumizire ufa pa basi.

Mlongo wa ku Chelstone:
Bambo a Mapasa simunaname za renti, koma pa buti adzakwera kupita kuti? Mabuti ambiri kulibe NAPSA, kulibe payslip, ndalama ikashota ndi iye alipira, tsiku bwana akatseka watsala manja lende. Ku call centre kuja akachita bwino amakhala team leader kapena wa quality, amene amamvetsera mafoni a anzake, ndipo apo ndalama imasinthako. Ena amadumphira ku mabanki, chifukwa banki ikafuna munthu wa pa desiki imakonda amene anazolowera kale kukalipiridwa ndi makasitomala.

Mnyamata wa ku Katete:
Ndinagwirako ine, ndikuuzeni zomwe sanena pa intavyu. Foni iliyonse amaiwerengera nthawi, ukachedwa ndi gogo amene sakudziwa pomwe pali PIN yake sikoo yako, mapointi amene amakupatsa pa nchito, yatsika, ukamudula msanga akuti ulibe ulemu, ndipo bonasi imayendera sikoo imeneyo. Kuchimbudzi umachita kulemba pa kompyuta kuti wachoka. Wina akutukwana mpaka makolo ako chifukwa mabando ake atha msanga, iwe uyankhe kuti zikomo bwana poimba. Madzulo khutu limalira lokha.

Koma chimodzi chomwe ife akum'mawa timapeputsa, chilankhulo ndi ndalama. Chinyanja uli nacho kale, ukaonjezera Chibemba komanso Chitonga pang'ono, iwe ndi amene amakusunga akamachepetsa anthu. Ndipo asisi musanakwere basi yesaninso kuno komwe, ma service centre a Airtel, MTN ndi Zamtel alipo m'tauni, mabanki ngati Zanaco alipo, ku Great East Mall nakonso amalemba anthu. K3,000 uli kwa amai ku Mchini imaposa K3,500 ya ku Lusaka kutalitali. Kungoti mipata kuno ndi yochepa ndipo ikatuluka imatha mwakachetechete, uyenera kumasiya CV osatopa.

Wa ku Kapata:
Zikomo nonse. Ndawaimbira, akuti 3,500 ndi gross, basic sanafune kunena pa foni ati ndikaione pa offer letter. Ndawapempha anditumizire pa WhatsApp ndisanagule tikiti. Asisi a ku Chelstone ikabwera ndikutumizirani mundiwerengereko, makamaka pa gratuity ndi ovataimu paja.